Lole Imene Inkatsonya Ngati Achimwene Anga

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukafika kumapeto kwa nkhaniyi munena kuti mayi uyu wakalamba, mutu wayamba kumusokonekera, koma ndikukuuzani anzanga, sindinathiremo kamchere ngakhale pang'ono. Zinandichitikira ine ndemwe, dzuwa lili kunja, ndipo mpaka lero ndikamasamba ndimayamba ndayang'ana kaye kakolo wa mwendo wanga wakumanzerewu. Mayina sinditchula, chifukwa ana ndi zidzukulu za anthu ake alipo, ena timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi.

Anali masiku a chitaganya, ine ndili mayi wa ana awiri kwathu ku Likoswe. Achimwene anga, amene ine ndinawaponda pamutu, anabwerako kunkhondo atadziwa kuyendetsa galimoto, ndipo mmwenye wina wa sitolo pa Njuli anawalemba ntchito yoyendetsa lole yake ya dizilo, yonyamula chimanga, nandolo ndi fodya kupita ku Limbe, pobwerako n'kutenga mchere, nsalu ndi palafini. Musaganize za magalimoto a masiku anowa ayi. Kutsogolo kumene kunkakhala dalaivala kunali kakanyumba kamatabwa kokhomedwa ndi akalipentala, pansi pakenso matabwa, ndipo batire inali yotopa kotero kuti ankaiimika pamtsetse kuti m'mawa ingotsika n'kulira yokha. Amuna anga, amene anali mkamwini pamudzi pathupo, ankakweza ndi kutsitsa katundu pa lole yomweyo, ndipo malo awo anali kumbuyo, pamwamba pa matumba, kumphepo. Kumeneko ndi kumene anaphunzirira kuyendetsa ndi kugwira sipanala, alamu awo akuwakalipira tsiku ndi tsiku.

Achimwenewo anali ndi zizolowezi ziwiri zimene aliyense ankawadziwira. Choyamba kutsonya. Munthu ameneyu sankatukwana, koma ukachita chopusa ankangokuyang'ana n'kutsonya mwachidule, kangapo motsatizana, mwakuti unkalakalaka akanangokumenya. Chachiwiri, sankataya waya. Akapeza kachidutswa kalikonse, ngakhale kadzimbiri pamsewu, ankakawongola n'kukakulunga pa zala ziwiri mpaka kakhale ngati mphete, nsonga n'kuipindira m'kati kuti isabaye munthu, basi n'kukakoleka pa msomali uliwonse umene unali pafupi. Kunyumba kwawo misomali yonse inali ndi timphete timeneti, ndipo ine ndinkawaseka kuti adzafa olemera ndi mawaya.

Anamwalira m'nyengo yachisanu, m'mawa wina wa chiperoni, kuja nkhungu imatsika m'phiri n'kuphimba chilichonse, kamvula kosaoneka kakukulowa m'mafupa. Anaima pa Njuli kudikira kuti anthu amalize kukweza fodya, ndipo poti pamalopo panalibe mtsetse, sanazimitse injini. Anatseka magalasi, n'kudzifunda chijasi chawo cha kunkhondo. Amuna anga atamaliza kumanga katundu anagogoda pachitseko, zii. Potsegula anapeza munthu ali khale, mutu atatsamira kumbuyo, nkhope yosalala ngati wagona tulo tabwino, koma atazizira kale. Panalibe bala, sanadwalepo, m'mawa womwewo anadya mbatata pakhomo panga n'kunditsonyera kuti tiyi wanga anali madzi okhaokha. Inu mukanati chawapha n'chiyani?

Anthu sanachedwe kupeza yankho, makamaka mmwenye uja atapereka chiwongolero kwa amuna anga. Kuchitsime ndikafika nkhani inkaduka, koma ndinkamva ndithu kuti mkamwini wadya mlamu wake chifukwa cha ntchito. Ine ndi mkamwa mwangamu ndinayankhapo angapo mpaka tinasiya kupatsana moni.

Tsono panabuka nkhani ya mwambo. Kwathu munthu wamkulu akamwalira, tikameta, nyumba imene wamwaliriramo imagwetsedwa kuti mzimu wake usamabwerere kudzafuna pogona. Ngakhale ife a mpingo zimenezi tinkachita, kungoti sitinkakauza abambo kumishoni. Koma achimwene sanamwalirire m'nyumba, anamwalirira m'kakanyumba ka lole. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu, anavala jekete n'kupita kwa mmwenye kukapempha kuti aphwasule kakanyumbako, ndipo mmwenyeyo akuti anangowafunsa ngati anali atalawa kachasu m'mawa umenewo. Atabwerako anasonkhanitsa akuluakulu, ndipo anagwirizana kuti chimene sichingagwetsedwe chitsekedwe, mzimu ukhale momwemo, usatsike m'mudzi kudzavutitsa ana. Anatenga ziguduli, anaziviika m'mankhwala, n'kutseka mpata uliwonse: m'mphepete mwa zitseko, m'magalasi kuti asamatsikenso, ndipo kazenera kakumbuyo anakakhomera thabwa. Chitseko chakumanzere, chimene loko wake anali atathyoka kale, anachimanga ndi waya chakunja, amuna anga eni ake n'kumupota ndi pulayala atsibweni akuyang'anira. Chinatsala cha dalaivala chokha, chimene anamangirirapo kachithumwa koti mzimu usadutse. Pansi pokha ndi pamene sanamatepo, akuti mzimu suyenda chokwawa ngati njoka.

Sipanapite nthawi amuna anga anayamba kusintha. Ankafika madzulo mutu ukuwawaza, maso ali psuu, akuyenda ngati aledzera chikhalirecho mowa sankaudziwa, chakudya n'kungochiyang'ana. Munthu amene ankanyamula thumba la chimanga ngati pilo anayamba kupumira m'mwamba akangokwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba. Kuchipatala cha mishoni anawapatsa mankhwala a malungo, n'kugonako masiku angapo, ndipo anachira bwinobwino, koma atangobwerera pa chiwongolero zinayambiranso. Lamulungu ankadzuka ali bwino, akuseka ndi ana, Lolemba madzulo n'kubwera ali wofooka, ndipo anthu ankati mwaona, mzimu umawasiya akapita kutchalitchi. Akatekisiti anabwera kudzawaza madzi odalitsa pa lole yonse, mpaka matayala, koma sizinathandize.

Tsiku lina ndikusenda chinangwa pakhonde anakhala pafupi nane n'kundiuza motsitsa mawu kuti alamu awo ali m'galimotomo. Anati m'mawa uliwonse injini ikangolira, kumpando wakumanzere kumene kulibe munthu kumayamba kutsonya, mwachidule, motsatizana, ndendende mmene ankachitira malemuwo. Akayenda pang'ono kumaleka, koma akafika pachitunda, lole ikulimbana ndi katundu, kumayambiranso, ndipo pamenepo tulo timawagwira tolemera ngati wina akuwakanikiza zikope. Anati kawiri konse anadzidzimuka matayala ali m'udzu. Ine mpeni unandigwa m'manja. Ndinawachonderera kuti asiye ntchitoyo, tidzadya za kumunda, koma anakana, ati akaisiya anthu adzati wathawa chifukwa akudziwa chimene anachita. Ndinati nanga bwanji osatsegulako galasi kuti mpweya uziwawomba tulo tikabwera, anati akatero ndiye kuti watulutsira mzimu m'mudzi wa eni, ndipo mwana aliyense amene adzadwale adzaloza iwo. Mkamwini angatsutse bwanji atsibweni a mkazi wake? Ndinaona poyera kuti munthuyu wasankha kufera m'kabokosi kaja kusiyana ndi kunenedwa, ndipo kuti tsiku lina adzabwera munthu akuthamanga kuchokera kumsewu monga anabwerera pa achimwene.

Mantha anga akakula amasanduka ukali, ndi mmene ndinabadwira. Ndinati ngati ndi achimwene anga, a bere limodzi ndi ine, amene akufuna kundisiya wamasiye ndi ana awiri, andiuze ndekha pamaso. M'mawa mwake ndinasiya ana kwa amayi, ndinanama kuti ndikukagula nsalu ku Limbe, n'kulowera chitseko cha dalaivala chija amuna anga akundiletsa, mpaka ndinakakhala kumpando wakumanzere umene chimwalirire achimwene palibe anakhalapo. Ndinali wopanda nsapato, korona ili m'manja. Kunja chiperoni chinali chitatseka, mwakuti mitengo ya m'mbali mwa msewu inkangooneka mithunzi.

Lole inatsika mtsetse, inagwedezeka, injini n'kulira. Anzanga, ndinamva. Sindinachite kuuzidwa kapena kutchera khutu, kunali pafupi ndi mawondo angawa, kutsonya kwa achimwene anga kumene ndinakula nako. Tsitsi linandiima, ndipo mawu onse aukali amene ndinakonza usiku wonse anathawa. Ndinayang'ana amuna anga, iwo anangogwedeza mutu osandiyang'ana. Titayenda pang'ono kunaleka monga ananenera, ndipo ndinayamba kupemphera korona, koma ndinkati ndikafika pakati pa pemphero n'kuiwala pamene ndili. M'katimo munali fungo la dizilo ndi ziguduli zonyowa, maso ankandiyabwa, ndipo m'mutu munayamba kugunda ngati wina akusinja. Ndinafuna kutsitsa galasi koma linali litakanikizidwa ndi chiguduli, silinasunthe.

Titayamba kukwera chitunda china chachitali, tisanafike pa Njuli, lole inayamba kukwawa, munthu woyenda pansi akanatha kutipitirira, ndipo kutsonya kuja kunabwerera, tsopano mokweza, mosalekeza, ngati munthu amene waleza mtima mpaka watopa. Ndinaitana amuna anga, sanayankhe. Mutu wawo unali utagwera pa chiwongolero, manja ali lende. Ndinafuna kukuwa koma lilime linalemera, ndinafuna kuwagwedeza koma dzanja langa linali ngati la munthu wina, ndipo chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti mantha aja anayamba kutha, ndinayamba kumva bwino, kamtima kakundiuza kuti ingogona pang'ono, udzuka. Ndinatsamira pagalasi, ndipo ndi pamene ndinawaona. Kunja, m'nkhungu, pambali penipeni pa chitseko changa, munthu wovala chijasi cha kunkhondo ankayenda limodzi ndi lole. Sanandiyang'ane. Anali ataweramira pachitseko, manja ali pantchito, mapewa ali mmene ankakhalira achimwene akamakonza chinthu chimene wina wachiwononga.

Chitseko chinatseguka, ine n'kugwera pamsewu ngati thumba. Mphepo yozizira inandimenya kumaso, ndinasanza pomwepo, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona lole ikupatuka pang'onopang'ono n'kukagunda chulu cha m'mbali mwa msewu, injini n'kuzima. Ndinakwawa, kuyenda sindikanatha, mpaka ndinakatsegula chitseko cha dalaivala n'kuwakokera amuna anga pansi ndi lamba wa buluku. Amayi ena amene ankapita kudimba ndi makasu anathamangira kukuwa kwanga, anatithira madzi, anawakupiza amuna angawo ndi nsalu, ndipo patapita nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, anatsokomola n'kutsegula maso. Wa chijasi uja panalibe, ndipo amayiwo anati sanakumane ndi munthu aliyense pamsewupo.

Kenaka mmodzi wa iwo anakuwa akuloza mwendo wanga. Pa kakolo wakumanzere panali mizere inayi yakuda bii, yotalikirana ngati zala za munthu amene anandigwira. Amayi aja anabwerera m'mbuyo, wina anayamba kulira maliro, wina anati malemu amafuna kupita ndi mlongo wake. Ine ndinangouma, ndikuyang'ana mwendo wanga ngati si wanga. Koma amuna anga, ali chigonere pa udzu, anatambasula dzanja n'kupaka chala pa mzere umodzi, ndipo unafufutika. Ananunkhiza chalacho, anachiyang'anitsitsa, n'kundifunsa kuti mapazi ndinaponda pati. Anati uwu ndi mwaye, wonga umene umada pa galasi la nyali, ndipo akufa sayenda ndi mwaye wa dizilo m'manja. Anadzikoka mpaka pachitseko chotseguka chija n'kuyang'ana pansi pamene ndinakhala. Pakati pa matabwa panali mipata inayi, ndipo m'mphepete mwa mpata uliwonse munali mutada.

Loleyo anaikokera kumudzi ndi ng'ombe, ndipo m'mawa mwake, injini ili yozizira, amuna anga anaitanitsa atsibweni ndi aliyense wofuna kuona. Anazula matabwa apansi aja, anatsegula boneti, n'kutionetsa paipi imene imatenga utsi kuchokera mu injini kupita nawo kumbuyo, ija amati ekizozi. Pamene paipiyo imalumikizana ndi injini, chakumanzere, kunsi kwenikweni kwa mapazi a munthu wokhala pampando uja, chitsulo chonse chinali chitada ndi mwaye wouma, wochita kuwaza ngati wina anapemerera makala. Anandituma kuti ndikathothole nthenga ya nkhuku, anyamata anakankha lole mpaka inalira, ndipo kutsonya kuja kunayamba pamaso pa anthu onse, ena n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ine anandipatsa chiguduli ndi kamtengo kuti nditseke kukamwa kwa paipi kumbuyo, pang'ono chabe, kuti utsi usowe kolowera. Nditatero kutsonya kunakula, ndipo amuna anga anayendetsa nthenga ija m'mbali mwa chitsulo pang'onopang'ono, ili phee, ili phee, mpaka pamalo ena inayamba kuvina, kautsi kakuda kakutuluka mogwirizana ndi kutsonyako. Anachita kuwagwira dzanja atsibweni n'kuliyandikiza pomwepo kuti amve okha kampweya kotentha kakuwamenya pachikhatho.

Atazimitsa injini n'kuzizira, anamasula paipi ija. Pa mabawuti ogwira paipiyo, imodzi inali itaduka kalekale, mutu wake unangokhalapo ndi dzimbiri. Gasiketi, kachinthu kopyapyala kamene amaika pakati pa zitsulo ziwirizo kuti utsi usapeze mpata, kanali katapsa mbali imodzi n'kusanduka phulusa, ndipo paipiyo inali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Anatifotokozera kuti chitsulo chikazizira mpatawo umakula, n'chifukwa chake kunkatsonya m'mawa, chikatentha chimafufuma n'kutseka pang'ono, koma pachitunda injini ikamakoka mwamphamvu utsi umadzikankhira pomwepo. Utsi wonsewo unkakwera m'matabwa n'kudzaza kakanyumba kaja. Masiku amene magalasi ankakhala otsegula ndi mipata ili mbwee, mphepo inkauchotsa, mpaka m'mawa uja achimwene anadzitsekera chifukwa cha chisanu lole itaima. Ndiye ife, pofuna kutsekera mzimu, tinamata bwinobwino mipata yonse imene ikanapulumutsa munthu, n'kusiya yokhayo yolowetsa imfa. Atsibweni anangovula chipewa n'kukhala pansi, ndipo ziguduli zija anazizula okha madzulo ake.

Paipi amuna anga anapita nayo ku Limbe pa njinga kuti akaiwotcherere, makaniko wa kumeneko anabwera kudzaboola bawuti yoduka ija n'kuika ina, anaika gasiketi yatsopano, n'kumanga mabawuti mosinthanasinthana kuti chitsulo chikhale mofanana. Anayesanso ndi nthenga, ine ndili kumbuyo ndi chiguduli changa, ndipo nthenga inangokhala phee paliponse. Amuna anga anakhoma matabwa atsopano opanda mpata, n'kuchotsa thabwa la pa kazenera. M'mawa wotsatira lole inatsika mtsetse, inalira bwinobwino, popanda kutsonya, anthu anaombera m'manja, koma ine ndinalowa m'nyumba n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro, chifukwa ndinadziwa kuti mawu a achimwene anga sindidzawamvanso. Mutu wa amuna anga sunawawenso, anayendetsa loleyo zaka zambiri, ndipo anadzamwalira ali nkhalamba, pamphasa pawo.

Mwina mukuti basi, nkhani yatha, unali utsi, ndipo munthu wa chijasi uja anali maloto a mutu woledzera ndi utsiwo. Amuna anganso ankatero, ndipo ine ndikanavomera pakanapanda chinthu chimodzi. Tsiku lomwe lija pachulu, anthu akumangirira ng'ombe, ndinapita kukayang'ana chitseko chimene ndinagwera. Waya uja sanaduke. Amuna anga analumbira kuti anamupota ndi pulayala mwakuti ndi manja sakanamasuka, ndipo m'mawa umenewo ndinamuona ndi maso anga ali chimangire. Ndinamupeza atakolekedwa pa msomali wa m'mbali mwa chitseko, atawongoledwa, atakulungidwa ngati mphete ya zala ziwiri, nsonga itapindidwira m'kati. Amuna anga anati mwina anamasuka ndi kugwedezeka kwa galimoto. Ndinawafunsa ngati kugwedezeka kumadziwanso kupinda nsonga kuti isabaye munthu.

Chimene ndimakhulupirira ine ndi ichi. Achimwene anga sanalodzedwe, anaphedwa ndi utsi wolowera pansi, ndipo amuna anga analibe mlandu. Koma sindivomera kuti m'galimoto muja munalibe munthu. Ndimati analimo, kungoti sankaitana mlamu wawo kumanda monga tinkaganizira, ankatitsonyera ife tonse chifukwa cha kupusa kwathu, m'mawa uliwonse, ife osamva, mpaka anatopa n'kudzatsegula okha. Kamphete ka waya kaja ndili nako, kali m'kabokosi limodzi ndi korona yanga, ndipo ana anga akudziwa kuti adzandiike nako.

Tsono inu amene mumayendetsa magalimoto, ndi inu akazi awo amene mumawalandira madzulo, mukamva injini ikutsonya m'mawa, mukaona mwaye pamene sipayenera kuda, munthu akamabwera mutu ukuwawa ndi tulo tosadziwika koma Lamulungu ali bwino, musathamangire kuloza mkamwini kapena kufuna ziguduli. Tsitsani magalasi, zimitsani injini, mufufuze pamene utsi ukutulukira tsiku lomwelo, ndipo kuzizire bwanji musadzitsekere m'galimoto yoima injini ikulira. Ine ndinali ndi mlongo wodziwa kumasula waya, sindikudziwa ngati inu muli naye.